Masanje a ku Joni

Masewera ambiri amene ndinakula nawo ku Dedza ankatha wina akuseka, wina atakwinya nkhope. Pa bawo umadya za mnzako mpaka mzere wake wakutsogolo utauma. Pa phada, pa fulaye ngakhale pa mpira wachikulunga pamakhala wopambana ndi wogonja. Masanje okha ndiwo analibe zimenezi. Wina ankatola nkhuni, wina ankatunga madzi, wina ankavundula kansima m'chitini. Kansimako kakapsa tinkadya tonse, kakapserera njala inali ya tonse. Pamene ndinayamba kufunafuna gemu yoti ndizisewera ndi ana anga kuno ku Johannesburg, ndinkafuna masanje, osati bawo.

Chifukwa chake chinali chachikulu kuposa kungotaya nthawi. Agogo anga aamuna anabwera ku Joni pa Wenela, nthawi imene amuna a ku Malawi ankadzaza m'migodi ya golide, boma la Kamuzu Banda lisanaimitse ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70. Ana awo anakula akudziwa bambo wawo kudzera m'makalata ndi mabulangete. Ine ana anga ndili nawo nyumba imodzi ku Rosettenville, koma ndimanyamuka kusanache kukakwera matekisi awiri opita kuntchito, ndipo ndimabwera kutada. Ndinayamba kuona kuti mtunda umene unali pakati pa agogo ndi ana awo ukhoza kukwana m'chipinda chochezera.

Chinanso ndi chilankhulo. Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 12, mlongo wake ali ndi zaka 7, ndipo onse anabadwira konkuno. Kusukulu amayankhula Chingerezi, pabwalo Chizulu. Chichewa amachimva koma amayankha m'Chingerezi. Sindiwadzudzula. Chichitikireni ziwawa za mu May 2008, zimene zinayambira ku Alexandra ndi kupha anthu oposa 60, Amalawi ambiri kuno tinaphunzira kutsitsa mawu m'tekisi. Mwana amene waona bambo wake akunong'ona chilankhulo chawo amadziwa yekha kuti ndi chobisa.

Tinali ndi PlayStation 4 yogula kwa munthu, ndi makontirola awiri. Gemu ya mpira ya FIFA tinaiyesa. Mnyamatayo ankandichinya zigoli zisanu, mlongo wake n'kumangoonerera mpaka kugona pampando. Minecraft ana amaikonda ndipo anthu amatha kumangira limodzi, koma mulibe chokukakamizani kudalirana. Aliyense ankakumba dzenje lake ali chete. Anzanga kuntchito anayamikira It Takes Two, imene inatenga mphotho ya gemu yopambana ya chaka cha 2021 pa The Game Awards. Ndi yokongola ndithu, ndipo simungapite patsogolo popanda kuthandizana. Koma imalola anthu awiri okha, ndipo nkhani yake ndi ya makolo amene akufuna kuthetsa banja. Ine ndi mayi a ana tinagwirizana kuti wamng'onoyo nkhani imeneyo adikire kaye. Magemu ogulitsidwa m'masitolo kuno amakhala ndi chizindikiro cha zaka chochokera ku Film and Publication Board, koma chizindikiro sichingakuuze zimene mtima wa mwana wako ungasenze.

Pomaliza tinapeza Overcooked. Inatuluka mu 2016, ndipo anaipanga ndi anthu awiri, Phil Duncan ndi Oli De-Vine, a kakampani ka ku England kotchedwa Ghost Town Games. Chaka chotsatira inalandira mphotho ya BAFTA ya gemu yabwino ya banja. Anthu mpaka anayi amakhala ophika m'khitchini imodzi. Makasitomala amaitanitsa supu wa anyezi, wa tomato kapena wa bowa, ndipo nthawi ikuthamanga. Wina adule, wina aike mu poto, wina apakule, wina atsuke mbale. Mukachedwa poto amagwira moto. Makhitchini ake ndi achipongwe: ina ili pa sitima yapamadzi imene imasuntha matebulo, ina ili pa magalimoto awiri oyenda amene amatalikirana kenako n'kuyandikirana. Nyenyezi zimene mumalandira pamapeto ndi za gulu lonse. Sifuna intaneti, choncho sitiwononga data, ndipo kontirola imodzi anthu awiri amatha kugawana, wina mbali ino wina mbali inayo. Ndi makontirola athu awiri aja tinakwana tonse anayi.

Mayi a ana ndiwo anaika lamulo: m'khitchini muno tiyankhula Chichewa chokha. Anati khitchini ndi yawo, kaya ndi yeniyeni kaya ya pa TV. Mnyamatayo anadandaula, koma gemuyo inali kumbali ya amayi ake. Poto akamalira kuti watsala pang'ono kuyaka, palibe nthawi yopanga chiganizo chachitali. Pamafunika mawu amodzi, ndipo Chichewa chili nawo ambiri: dula, tsuka, pakula, phula, zimitsa, fulumira.

Sabata yachitatu ndinamva mtsikana wanga akukuwa kuti, "Adadi, mbale! Tsukani mbale!" Sanati "tsuka". Ulemu umene takhala tikumukumbutsa kwa zaka unabwera wokha pakati pa utsi ndi phokoso. Mchimwene wake, amene amadziwa makina kuposa tonsefe, anasanduka kapitawo. "Amami, inu dulani anyezi. Adadi, musachoke pasinki." Kwathu mwana satuma bambo wake. Ndinazilola, chifukwa pa dima mwini munda amamvera amene akudziwa kuyendetsa mzere, ngakhale akhale wamng'ono.

Tsiku lina tinakangana pa mawu akuti "kupsa". Mayi awo anakuwa kuti supu wapsa, ndipo mnyamatayo anathamangira chozimitsira moto, supu wabwinobwino n'kukhala osaperekedwa. Titaseka mokwanira tinamufotokozera kuti chakudya chikapsa ndiye kuti chakonzeka, chikapserera ndiye kuti chawonongeka, koma nyumba ikapsa ndi maliro. Anafunsa kuti munthu amadziwa bwanji kusiyana kwake. Amayi ake anati umamvera mawu a amene akunenayo. Phunziro limenelo silikanalowa tikanamukhazika pansi ndi kope.

Gemu singalere mwana. Mawu a kukhitchini ndi ochepa, ndipo sangamuthandize kupepesa pamaliro kapena kutsatira nthano ya agogo ake mpaka kumapeto. Masiku ena timakanganadi, wamng'onoyo n'kulira chifukwa wagwetsera mbale m'madzi. Magetsi akazima timasiyira pomwepo. Komabe Loweruka lililonse madzulo, kwa ola limodzi, anthu anayi a m'nyumba muno amafunana, ndipo amaitanana m'chilankhulo chimene kunja timachinong'ona.

Mwezi wathawu amayi anga anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Dedza ali kukhitchini. Mtsikana wanga, amene kale ankangoti "ndili bwino" n'kuthawa, anayang'anitsitsa pafoni n'kuona mphika uli pamafuwa. Anati, "Agogo, phulani, zipserera." Amayi anaseka mpaka kutsokomola, kenako anaphula. Atatero anamufunsa ngati amadziwa kuvundula nsima. Anati ayi. Agogo ake anati December akabwere ndi manja ake, mthiko aupeza komweko.