Mapazi Adziwe Ndodo Imene Ili M'manja

Anyamata ambiri amene ndimawaphunzitsa gofu anayambira pa ndodo imodzi, kawirikawiri iron 7 imene anapatsidwa ndi munthu yemwe ankamunyamulira chikwama. Ndodoyo imawazolowetsa kuika mpira pakati pa mapazi nthawi zonse. Akagwira driver, mpira umangokwawa mu udzu, ndipo ena amagwa ulesi poganiza kuti luso alibe. Chimene chimandiwawa n'chakuti vuto lili pa kaimidwe chabe.

Malamulo amalola ndodo 14, ndipo kutalika kwake kumasiyana. Pa driver, wogwiritsa dzanja lamanja atangadze miyendo kupitirira pang'ono mapewa, mpira ukhale pa tee moyang'anana ndi chidendene chakumanzere, kuti ndodo iupeze ikukwera. Iron imamenya ikutsika: mpira ubwerere chapakati, ndodo ikhudze mpirawo kaye, dothi pambuyo. Pa wedge mapazi ayandikane, thupi lilemere kumanzere.

Akatswiri sagwirizana pa zonse. Jack Nicklaus ankasiya mpira pafupi ndi chidendene chakumanzere pa ndodo pafupifupi zonse, n'kumangosuntha phazi lamanja. Ineyo ongoyamba ndimawaphunzitsa kusuntha mpira, chifukwa maso awo amaona msanga kusiyanako.

Abale a ku Lilongwe, Lusaka, Tete ndi Harare, mukaona mnyamata akuvutika, yalani ndodo ziwiri pansi mopingasa, ina yoloza kumene akumenya, ina yoloza mpira. Muyang'ane mapazi ake musanaweruze manja ake.