Mfuti ya ababa

Foni anaimba ndi amayi, Lachinayi usiku. "Abambo ako akuti ubwere Loweruka udzawapukutire mfuti." Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, chifukwa chibadwire ine sindinaloledwepo ngakhale kuikhudza mfutiyo. Amayi sanaseke nawo. Ndiye Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Zalewa, kudutsa pa Lunzu ndi pa Lirangwe, n'kukatsika pa Mdeka dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwawula.

Ababa anadwala sitiroko chaka chatha. Mutu ukugwira bwinobwino, mawu anabwerera, koma dzanja lamanja limangogona pamwendo ngati si lawo. Ndinawapeza pakhonde, mkeka utayalidwa kale. Pamkekapo panali kabotolo ka mafuta a makina osokera, palafini m'kachitini, mswachi wakutha, nsanza za malaya oyera ndi kandodo kachitsulo katali. Pambali pake mfuti ija, yokulungidwa m'bulangete.

Ndi Browning Auto-5, yokhala ndi kalinunda kumbuyo, ndipo pampope pake panalembedwa kuti inapangidwa ku Belgium. Anaigula ine ndisanabadwe kwa mzungu wina amene ankamuyendetsera galimoto, munthu wokonda kukasaka abakha ku Elephant Marsh. Mapepala anakasinthitsa kupolisi, ndipo chaka ndi chaka ankapita kukalipira layisensi osaphonya. Ndili ku Chanco ndinafufuzapo pa intaneti: anaiganiza ndi John Browning wa ku America, analembetsa luso lakelo mu 1900, ndipo mtundu umenewu unapangidwa kwa zaka pafupifupi 100. Imatenga zipolopolo zisanu, zinayi m'kapaipi kam'munsi, chimodzi mumpope. Ukaomba, mpope wonse umabwerera m'mbuyo, sipuling'i n'kuukankhiranso kutsogolo, khoko la chipolopolo n'kutayidwa kunja, china n'kulowa chokha. Zonsezi ndinkazidziwa m'mutu basi. Manja anga sankadziwa kanthu.

"Koka kachitsuloko, uyang'ane m'kati," anatero.

"Mulibe kanthu, ababa."

"Lowetsamo chala."

"Mulibedi."

"Yang'ananso, ndi kapaipi komwe."

Ndinayang'ana katatu. Zipolopolo zinali zokhomeredwa m'bokosi kuchipinda, iwo eniake ankadziwa, komabe anafuna kuti ndione ndi maso anga. Kenako anandiuza kuti ndikanikizire mpope pansi pang'ono, ndipotokole kachivindikiro ka kutsogolo, ndichotse thabwa logwirira pang'onopang'ono chifukwa silichedwa kung'aluka. Mpope unasololoka mosavuta. Panatsala mphete yamkuwa, ina yachitsulo, ndi sipuling'i yaitali. "Uziyala monga wazichotsera," anatero. Mphetezo ndi zimene zimachepetsa mphamvu ya mpope ukamabwerera, ndipo kakhalidwe kake kamasiyana potengera kuti zipolopolo ndi zamphamvu kapena zopepuka. Ukazisokoneza, mfuti imakumenya paphewa, apo ayi imakana kutaya khoko.

Ndinalowetsa kansanza mumpope kuchokera kumbuyo, konyowa palafini. Koyamba kanatuluka kakuda bii, kachiwiri kotuwa. Tinasiya pamene kena kanatuluka koyera, ndipo nditasuzumira molozetsa kumwamba, m'kati munali mbee ngati galasi. Ndi mswachi uja ndinachotsa fumbi m'makona monse. Fumbi la kwathu m'chilimwe limalowa paliponse, ndipo mvula ikagwa, chinyezi chimabweretsa dzimbiri ngakhale pomwe wangogwira ndi chala cha thukuta.

Pa mafuta m'pamene anandikalipira. Ndinatsanulira ngati ndikukazinga mazira.

"Iwe! Pukuta! Timadontho tiwiri basi."

Akuti mafuta akachuluka pakapaipi, mphete zija zimaterereka osagwira, mpope n'kumamenya mwamphamvu mpaka kuswa thabwa. Otsala amakoka fumbi, ena amatsikira kuthako la mfuti n'kufewetsa mtengo. N'chifukwa chake poisunga ankaiimika kamwa italoza pansi. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amaopa kuboola denga.

Tili m'kati momanganso, anayamba nkhani imene sindinaimvepo. Inali nthawi ya njala ya 2002, ine ndili ndi zaka zisanu. Anthu ankagona m'minda kulondera chimanga chachiwisi, ndipo m'madera ambiri wogwidwa akuba ankamenyedwa koopsa, ena kudulidwa ziwalo. Usiku wina ababa anamva kuthyoka kwa mapesi. Ananyamula mfuti, muli zipolopolo zisanu, n'kuyenda chowerama mpaka anamuona munthuyo akuponya zinsononkho m'thumba. Chala chinali kale pa kowombera. Munthuyo atatembenuka, anali bambo wa m'mudzi momwemo, amene anali ataika mwana m'manda sabata yomweyo.

"Ndiye munatani?"

"Ndinamuuza kuti adzaze thumbalo azipita. Kutacha ndinachotsa zipolopolo zonse. Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso nayo kumunda usiku."

Dzina la bamboyo sananene, inenso sindinafunse. Anangowonjeza kuti mfuti imeneyi ikangoyamba siikupatsa mpata woganiza, chachiwiri chimakhala chalowa kale iwe usanaone chimene choyamba chachita.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene anaitanira ine, osati achimwene. Achimwene akhala akuifuna mfutiyi. Chaka chino akuba anawathyolera khola n'kutenga mbuzi zitatu, zimene ankadalira pa fizi ya ana, ndipo mkwiyo wawo sindingaunyoze. Ine ndimakhala ku Chirimba m'nyumba ya lendi, ndilibe mbuzi yoti n'kuberedwa. Koma layisensi ya mfuti ndi ya munthu amene dzina lake lili papepala, siyenda ndi chuma chamasiye ngati njinga kapena wailesi. Ababa anali atagamula kale kuti Lolemba akaipereka kupolisi pamodzi ndi zipolopolo zake, iwo akadali moyo, kuti pasadzakhale wokanganirana pamaliro.

"Nanga tikuivutikira chiyani kupukuta, poti ikupita?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Khasu lobwereka umabweza ndi dothi?"

Ndinabwezeretsa sipuling'i, mphete, mpope ndi thabwa, n'kumanga kachivindikiro. Anandiuza kuti ndiwaikire pamiyendo. Ndi dzanja lamanzere anasisita mtengo wake pomwe panaperepeseka ndi tsaya lawo, kenako anati ndiikulunge.

Achimwene anafika madzulo, anaona bulangete lomangidwa ndi chingwe, sananene kanthu. Nsima tinadyera limodzi, nkhani zake za mvula ndi mtengo wa feteleza. Lolemba ndi iwo amene anakapeza galimoto yoti iwanyamule ababa, ndipo bulangetelo ananyamula okha.

Ine ndinabwerera Lamulungu. Mu minibasi mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anandifunsa ngati ndine telala, akuti manja anga ankanunkhira mafuta a makina. Ndinangoti eya.