Kalata kwa mphwanga: fumbi la mabomba linabwera ndi mvula

Mphwanga wokondedwa,

Wafunsa ngati zimene anakuuzani aphunzitsi n'zoona, zoti fumbi la mabomba a nyukiliya linagwanso kwathu kwa Kalindawalo ku Petauke. N'zoona, koma mtima ukhale m'malo: kuno kum'mwera kwa dziko lapansi linagwa lochepa kwambiri.

Bomba loyamba linaphulitsidwa ku New Mexico mu July 1945. Posakhalitsa, a kampani ya Kodak anadabwa kuona mafilimu awo akutuluka ndi timadontho. Atafufuza anapeza kuti makatoni olongezera anapangidwa ndi madzi a mumtsinje momwe munagwera fumbilo, kutali kwambiri ndi kumene bomba linaphulikira.

Njira zoyamba zotolera fumbili sizinali zapamwamba ayi. M'zaka za m'ma 1950 ankayala panja pepala lomata kwa maola 24, kenako n'kulitumiza pa positi kukaliwotcha, phulusa lake n'kuliyeza pamakina. Ena ankatchera madzi a mvula m'mapoto achitsulo. Ku St Louis, kuyambira mu 1958, anasonkhanitsa mano a mkaka a ana akaguluka, chifukwa strontium-90 ya mufumbilo imalowa mumkaka n'kukakhazikika m'mafupa ndi m'mano. Zimene anapeza m'manowo zinadzidzimutsa makolo, ndipo mu 1963 America, Britain ndi Soviet Union anagwirizana zoleka kuphulitsa mabomba mumlengalenga. France, amene anayamba zake ku Reggane m'chipululu cha Algeria mu 1960, sanasaine nawo.

Lero ntchito yotolera fumbili ili m'manja mwa bungwe la CTBTO la ku Vienna. Ku Dar es Salaam kuli siteshoni yake imene imakoka mpweya kudutsa pa sefa tsiku lathunthu, sefayo n'kugonekedwa tsiku lina, kenako n'kuyezedwa.

Koma chimene ndikufuna uchimvetse ndi ichi. Mufumbilo munali caesium-137. Ikagwa ndi mvula imakakamira dothi lapamwamba, ndipo siichoka pokhapokha dothilo litakokoloka. Choncho akatswiri amaboola nthaka ndi paipi pamalo athyathyathya osalimidwapo, n'kuboolanso m'munda wapafupi. Dothilo amaliyanika, kulisefa ndi kuliyeza. Mumunda mukapezeka caesium yochepa, ndiye kuti chonde chinapita ndi madzi. Ikachuluka kudambo, ndiko kumene chinakaunjikana. Ndi njira imeneyi Henry Sichingabula wa ku University of Zambia ndi anzake a ku Britain anayeza kukokoloka kwa nthaka kumtunda kwa mtsinje wa Kaleya, kufupi ndi Mazabuka, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2001. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene mabombawo anatisiyira, chokhachi ndicho chothandiza mlimi.

Vuto n'lakuti zaka 30 zilizonse theka la caesium imeneyi limatha lokha. Ya mu 1963 yatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene poyamba pomwe kwathu inali yochepa. Amene akufuna kuyeza minda yotsetsereka ya ku Nyimba, imene dothi lake limathera mu Luangwa, asachedwe.

Mafunso ako enawo ndidzayankha ndikabwera nthawi yokolola. Pakadali pano limbikira masamu ndi sayansi, ndipo undiperekere moni kwa amayi ndi amalume.

Ndine mkulu wako.