Netiweki itaduka, geni inatsala m'manja mwa antchito

Ndine mayi wochita geni ya zokolola. Ndimagula chimanga, nandolo ndi soya kwa alimi a ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu n'kumagulitsa ku Limbe. Umboni wangawu ndi wa namondwe wa Freddy amene anatigwera mu Malichi 2023. Geni yanga inapulumuka, ndipo ndikuyamika Mulungu. Koma Mulunguyo sanadzere mwa ine ayi, pakuti masiku amene zonse zinkachitika ndinali khale m'nyumba ku Blantyre, foni ili m'manja koma yosagwira. Anadzera mwa antchito anga, anthu amene kwa zaka ndinkawalola kugwira ndalama zanga, kugamula mtengo ine kulibe, ndipo nthawi zina kundiluzitsa.

Amalonda anzanga ambiri sachita zimenezi, ndipo sindiwaseka. Pitani pa golosale, pa chigayo kapena pa hadiweya, mupemphe kuti akuchotsereni K500 yokha. Yankho lake mukulidziwa: "Abwana sanabwere." Makiyi ali m'thumba la mwini, buku lili kwa mwini, ngakhale nzeru zikuyembekezera mwini. Manthawo ali ndi chifukwa. Ndani mwa ife alibe nkhani ya mnyamata amene anapatsidwa mpamba wokaodera katundu, m'mawa mwake n'kumveka kuti ali m'basi ya ku Joni? Inenso wina anandichita zomwezo, ndipo ndalamazo sindinazionenso. Ena amathawira kwa achibale, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwana wa mchemwali wako akakubera, ukangotchula za polisi mtundu wonse umakuukira.

Komabe geni ya zokolola siilola kuti munthu mmodzi agwire zonse. Madepoti ali kutali, mtengo wa m'mawa si wa masana, ndipo mlimi amene wabwera ndi thumba panjinga sadikira kuti abwana ayankhe foni. Amangokankha njinga yake kupita pa sikelo ya venda wapafupi. Ndinaona kuti wantchito wosaloledwa kuganiza amandiluzitsa tsiku lililonse, kungoti kuluza kwake sikulembedwa m'buku.

Amene ndikufuna kunena kwambiri ndi mnyamata wina amene anabwera ngati waganyu wonyamula matumba pa depoti yathu ya kufupi ndi Migowi. Sukulu analekezera Fomu 2 chifukwa cha fizi. Chimene chinandikopa ndi masamu apamutu: kalaliki akulimbana ndi kakyuleta, iye anali atatchula kale ndalama ya mlimi, thumba lili paphewa. Ndinamuika pa sikelo. Kenako ndinamuphunzitsa kudziwa chinyontho, pakuti m'geni yathu mpamene pamafera mpamba. Chimanga chouma ukachiluma chimathetheka, chachiwisi chimangofwamphuka mwakachetechete. Ukakayika, umathira njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma bwino, n'kukhutchumula. Mcherewo ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho sichoyenera kulowa m'thumba.

Atazolowera zimenezi ndinayamba kumusiyira ndalama, ndipo ndinamuikira malire. Ndinkamuuza mtengo wotsikitsitsa ndi wokwereratu, komanso ndalama zimene angagwiritse ntchito pa tsiku. M'kati mwa malirewo asandiimbire. Poyamba ankaimbabe, mwina kasanu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ine ndinkangomubwezera funso: "Iweyo ukuona bwanji?" Akanena maganizo ake ndinkati achite zomwezo, ngakhale pamene mumtima ndinkadziwa kuti ine ndikanachita mwina. Apa ndiye povuta. Kupereka makiyi n'kosavuta, koma kutseka pakamwa ukuona munthu akuyenda njira yozungulira ndi ndalama zako kumafuna mtima. Ndinamuuzanso chinthu china pamaso pa anzake onse: ndalama ikatayika chifukwa waganiza molakwa koma wanena zoona, yatayika yanga, ikatayika iye n'kubisa kapena kunama, ntchito yatha tsiku lomwelo. Loweruka lililonse tinkakhala pansi ndi buku, ine osafunsa kuti wapindula zingati, koma kuti anaganiza bwanji pogula apa n'kukana apo.

Mawu amenewa anayesedwa chaka china mu Meyi. Kunabwera munthu ndi galimoto yodzaza matumba, mtengo wake wabwino, mzere wa alimi uli wautali. Mnyamatayo anatapa pakamwa pa matumba, analuma, chinathetheka, analipira. Pansi pake panali chimanga chachiwisi. Patapita masabata, shedi yonse inayamba kununkha, matumba akutentha ukawakhudza, ndipo titamasula tinapeza chuku. China tinayanika n'kugulitsa motchipa, chambiri tinataya.

Mnyamata uja anabwera yekha ku Limbe, thiransipoti yolipira m'thumba mwake, n'kuika makiyi patebulo.

"Mayi, ndalakwa. Makiyi anu ndi awa. Zotsalazo ndizibweza pang'onopang'ono, ngakhale pa ganyu."

"Unabaya matumba angati?"

"Sindinabaye, Mayi. Ndinangotapa pamwamba. Anthu anali ambiri, ndinaopa kuti athawira kwina."

Ndinakankhira makiyiwo kwa iye. "Ukachoka, amene ndidzamuike pamalo pako adzayambanso kutapa pamwamba. Iwe sudzatapanso. Bwerera ukagule."

Bambo a kunyumba sanagone nayo nkhaniyi. Anati ndikuweta mbava, ndipo tsiku lina tidzagulitsa nyumba chifukwa cha ana a eni. Sindinawatsutse kwambiri, pakuti ndalama imene inapitayo inali ya malata a nyumba yathu. Ndinangowakumbutsa za 2017. Chaka chimenecho dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, linachepetsa mwadzidzidzi nandolo wolowa kwawo, ndipo mtengo kuno unagwa mpaka alimi kumalira m'misika. Ine ndinali kumaliro kumudzi. Mtsikana amene amasunga mabuku athu ku Limbe anaona malole akubwezedwa pa mageti a makampani otumiza kunja, ndipo osandifunsa anaimbira madepoti onse kuti asiye kugula nandolo. Kukanakhala kuti mtengo unakweranso sabata yotsatira, akanaoneka wopusa. Anadziwa zimenezo, koma anaimbabe. Anzathu amene anapitiriza kugula sabata imeneyo ena sanadzukenso.

Ndisaname, njira imeneyi ili ndi msonkho wake winanso. Munthu ukamuphunzitsa kugamula mtengo, tsiku lina amafuna kugamula pa sikelo yakeyake. Ena mwa amene ndinawaphunzitsa anachoka, ndipo mmodzi anakoleka sikelo yake moyang'anizana ndi yanga. Zimawawa, koma timapatsana moni, ndipo lole yanga ikachepa katundu amadzazitsa ndi iyeyo.

Tsono Freddy. Mvula inayamba Loweruka pa 11 Malichi ndipo sinakate. Usiku wa Lamlungu matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, anthu ali mtulo. Lolemba pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawo cha kummwera chagwidwa ndi ngozi. Magetsi anazima, mafoni anatha moto, netiweki inaduka, milatho inapita. Namondweyu anatenga anthu oposa 1,000, powerengera ndi amene sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Ku Phalombe kunalibe njira yopitira, kunalibenso mawu ochokerako.

M'shedi ya ku Migowi munali matumba a chimanga oposa 300, ogulidwa ndi ngongole ya ku banki, amene tinasungira miyezi ya njala. Ndiwo unali mpamba wanga wonse. Shediyo ili pamalo otsika. Ndinkayesa nambala ya mnyamata uja, amene tsopano anali kapitawo, mpaka foni inazima. Kenako ndinagwada. Ndinapempherera miyoyo yawo, ndipo sindibisa, ndinapemphereranso matumba.

Zimene zinkachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake. Mlonda wathu ndi nkhalamba imene inaona Napolo wa mu 1991, pamene madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinaseseratu midzi ya ku Phalombe. Lamlungu masana anauza kapitawo kuti madzi a mumtsinje asintha mtundu, akubwera ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe, ndipo zimenezi anaziona kale. Kapitawo anamvera. Choyamba anatseka sikelo n'kuuza antchito onse kuti akatenge mabanja awo apite nawo kusukulu ya kumtunda. Atabwerako anakagwada kwa akulu a mpingo wina umene tchalitchi chake chili pachitunda, kupempha malo oika matumba. Ndalama m'thumba analibe zokwanira, ndipo ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba anali atatseka. Anaitana anyamata a m'mudzi ndi eni ngolo, n'kupangana nawo kuti malipiro awo akhala chimanga, poyeza ndi ndowa. Palibe tsiku limene ndinamulolapo kulipira munthu ndi katundu wa m'shedi. Anaona kuti kutaya ndowa zingapo kuli bwino kusiyana ndi kutaya shedi yonse.

Anasamutsa mvula ikuwakhuthukira, matumba atafunditsidwa malona, ng'ombe zikutitimira m'matope, mpaka mdima. Madzi atafika m'mawondo pakhomo pa shedi kapitawo analetsa aliyense kulowanso, ngakhale anyamata ena ankafuna ndowa yowonjezera. Mizere yapansi inatsala momwemo ndipo inamira.

Madzi ataphwera, kapitawo anachita chinthu chimene chinandionetsa kuti chuku cha chaka chija sichinapite pachabe. Anadziwa kuti chimanga chonyowa, dzuwa kulibe, sichidikira. Anatulutsa matumba amene ananyowa pang'ono, osakhudzidwa ndi matope, n'kupita nawo tsiku lomwelo kumsasa wa pasukulu kumene anthu anali atagona ndi njala. Zigayo zinali zitaima, choncho amayi anasinja mumtondo, china anangowiritsa. Amfumu anasaina kuti alandira. Mavenda atanunkhiza kuti m'tchalitchi muli chimanga chouma anabwera ndi mtengo wokopa, kufuna kutenga chonse. Anawakana. Anagulitsa gawo lina kwa anthu a m'mudzi pa ndowa, pa mtengo umene unalipo namondwe asanabwere, ndipo amene analibe ndalama anawakongoza.

Anafika ku Limbe njira zitayamba kutseguka, atayenda pansi, kuwoloka pamene mlatho unaduka, kenako kabaza, kenako minibasi. Nsapato zinali m'manja. Anapisa m'malaya n'kutulutsa kope la ana asukulu lokulungidwa m'majumbo awiri. M'katimo munali chilichonse, cholembedwa ndi pensulo: matumba osamutsidwa, ndowa zolipira anyamata, zopita kumsasa, mayina a okongola. Amene sadziwa kulemba anawapaka inki ya bolopeni pachala n'kudinda.

"Mayi, zina mwina simugwirizana nazo, koma foni sinkagwira."

"Mwachita bwino, bambo. Khalani pansi, mudye kaye."

Zinalipodi zimene sindinagwirizane nazo. Ngongole ya anthu a m'mudzi ija ine sindikanapereka, chifukwa ndimadziwa kuti munthu amene munda wake wakwiririka ndi mchenga alibe pobwezera, ndipo kumulemba m'kope n'kumusenzetsa manyazi chabe. Kukanakhala bwino kungopatsa ochepa ovutikitsitsa, kwinako kugulitsa. Ndinamuuza zimenezi patapita masabata, tili awiri, ndipo anatsutsa. Anati anthuwo akanakana kulandira chaulere pamaso pa anzawo. Mpaka lero sitinagwirizane. Ena anabweza, ambiri sanabweze.

Matumba ochuluka anapulumuka. Banki tinailipira mochedwa koma tinamaliza, ndipo nyengo yogula itafika, alimi ochepa amene anakololako kanthu ankadutsa masikelo ena n'kudzaima pa yathu. Sindingaimbe nthungululu chifukwa cha matumba pamene mlonda wathu yemwe uja anataya abale ku Nkhulambe, ena osaikidwa n'komwe m'manda. Chimene ndikuchitira umboni n'chakuti pa antchito anga ndi ana awo palibe anafa, ndipo ntchito zawo zilipobe. Kukanakhala kuti ndinawazoloweza kudikira mawu anga, akanakhala pakhonde la shedi kuyesa nambala yanga mpaka madzi kuwapeza.

Kapitawo uja tsopano amayang'anira madepoti onse a ku Phalombe ndi Mulanje, ndipo pa phindu la chaka ali ndi gawo lake lolembedwa papepala. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi iye ndi mtsikana wa mabuku uja amene anakhala pansi kukonzanso mitengo yathu, ine ndinangosaina. Wayambanso kuika mtsikana wina pa sikelo, ndipo ndinamumva tsiku lina pafoni akumufunsa kuti iyeyo akuona bwanji.

Amalonda anzanga, pa antchito anu alipo mmodzi amene mukumudziwa kale kuti mutu wake umagwira. Nyengo yogula ikubwerayi mupatseni ndalama imene mungathe kuitaya osagulitsa nyumba, mumuuze malire ake pamaso pa anzake, ndipo akakuimbirani pa zimene zili m'kati mwa malirewo, musamuyankhire. Loweruka mukhale naye pansi ndi buku.