Tsiku Limodzi pa Gombe la Chembe

Ku Chembe tambala amalira anthu atadzuka kalekale. Ikamakwana 5 koloko m'mawa, nyali zomwe zimawala panyanja usiku wonse zimayamba kuzima, ndipo maboti a chilimira amatulukira cha ku zilumba za Domwe ndi Thumbi. Pagombe amayi aima kale ndi mabeseni, a geni akuwerenga ndalama, mtengo wa chigoba cha usipa ukukwera ndi kutsika malinga ndi zomwe boti lililonse labweretsa. Siginala, woyang'anira nyali zokopera nsomba, akatsika n'kupukusa mutu, aliyense amadziwiratu kuti lero ndiwo zivuta.

M'chipwirikiti chomwechi mumapezeka munthu amene sakugula kapena kugulitsa. Wanyamula sikelo, kathabwa koyezera kutalika kwa nsomba ndi kope. "Achimwene, ndiyeze kaye musanatsanulire," amapempha motero, ndipo msodzi amadikira ngakhale makasitomala akumukuwa. Manambala otere ndi omwe amathandiza akatswiri a ku ofesi ya kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay kudziwa ngati utaka ukuchepa, kapena ngati nsomba zikugwidwa zisanaswane.

Mudziwu uli ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, ndipo wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ulemu umenewu unabwera chifukwa cha nsomba. Banja lomwe asayansi amalitcha cichlid, mmene muli mbuna, utaka, ncheni, ndunduma ndi chambo, lili ndi mitundu yoposa 800 m'nyanja ino, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse.

Dzuwa likakwera pang'ono, usipa utayanikidwa pa mathandala, boti lina limanyamuka kupita ku Thumbi. M'menemo muli ofufuza, masilinda a mpweya, matepi oyezera ndi timatabwa tolembapo pansi pa madzi. Woyendetsa boti ndi mwana wa pamudzi pompano, ndipo ndi iye amadziwa mwala womwe uli ndi nsomba zomwe alendowa akufuna. Akamira, amayala tepi pamiyala n'kumasambira pang'onopang'ono, akuwerenga mbuna iliyonse yodutsa.

Munthu akaika nkhope m'madzi pamenepa amamvetsa chifukwa chake anthu amawoloka nyanja zamchere kudzaona malo ano. Pa mwala umodzi pali nsomba zabuluu za mizere yakuda, zachikasu, ndi zina zamawangamawanga, zonse zikudya ndere, koma iliyonse mwa njira yake. Labeotropheus ili ndi kamwa loyang'ana pansi, ndipo imapala ndere itagona chafufumimba pamwala. Metriaclima zebra imaima chamutu n'kumapesa nderezo ndi mano ake, kutola tokhatokha tomwe tamasuka. Genyochromis mento siivutika ndi ndere: imazembera zinzake n'kuzibudula zipsepse ndi mamba. Chapansi pamchenga, Nimbochromis livingstonii imagona chammbali osagwedezeka, kuti kansomba kobwera kudzaona mtembo kasanduke chakudya. Yaikazi ya mbuna mukaiona masaya atatupa, dziwani kuti yafungatira mazira m'kamwa, ndipo imatha milungu pafupifupi 3 osadya mpaka ana atakhwima.

Geoffrey Fryer anayamba kulongosola moyo wa mbuna ali ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo gulu la Tony Ribbink linasindikiza kalembera wamkulu wa nsomba za m'miyala mu 1983. Iwo anaona kuti mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, moti chilumba chilichonse chimakhala ndi mitundu yakeyake. Pa Thumbi pomwepa pali phunziro lina. Zaka makumi angapo zapitazo, nsomba za kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pano ndi ochita malonda otumiza nsomba zamoyo kunja. Imodzi mwa izo, Cynotilapia afra, inakwerana ndi Metriaclima zebra ya pompano, ndipo maonekedwe a zidzukulu zake anasintha anthu akuona. Kusinthika kwa zamoyo, komwe ambiri amangokuwerenga m'mabuku, kuno kwachitika mkati mwa moyo wa munthu mmodzi.

Ofufuza aja akavuuka, ntchito imasamukira m'boti. Nsomba imajambulidwa msanga mtundu wake usanazilale, kenaka amadula kachidutswa kakang'ono ka chipsepse n'kukaponya m'kabotolo ka spiriti kolembedwa nambala. Timabotolo totere, tochokera m'madera osiyanasiyana a nyanja, ndi tomwe tinabala kafukufuku wa mu 2018 wa Milan Malinsky, Richard Durbin ndi anzawo. Anawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73, ndipo anapeza kuti mtundu ndi mtundu zimangosiyana ndi 0.1 mpaka 0.25 pa 100 iliyonse. Ncheni yothamangitsa usipa ndi mbuna yopala ndere ndi pachibale chapafupi kwambiri kuposa munthu ndi chimpanzi. Ofufuza ena anapeza kuti kachigawo ka DNA kotchedwa bmp4 kamathandiza kuumba nsagwada za mbuna. Kachigawo komweko kamagwiranso ntchito poumba nkhope ya mwana wa munthu ali m'mimba, n'chifukwa chake ofufuza za mafupa ndi mano amazifuna nsombazi.

Masana gombe limakhala la amayi ndi ana. Mbale zikutsukidwa, zovala zayanikidwa pamchenga, ana akudumphira m'madzi kuchokera pa mabwato. Nthawi yomweyi, dzuwa lili paliwombo, ndi pamene tizilombo ta likodzo timatuluka kwambiri m'nkhono. Ofufuza ena amayenda m'madzi ofika m'chiuno akusefa mchenga, n'kutola tinkhono tating'ono ta mtundu wa Bulinus. Nkhono iliyonse amaiika m'kakapu ka madzi oyera pamalo owala. Pakapita maola ochepa, m'makapu ena mumaoneka tinthu toyera tikuphiriphitha, tamichira yamphanda. Timeneto ndi tomwe timaboola khungu la munthu wosamba, n'kukakulira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, mpaka mwana ayambe kukodza magazi. Mazira a tizilomboti akabwerera m'madzi kudzera mu mkodzo, amaswa n'kulowanso m'nkhono.

Patsiku loyeza ana asukulu, mkodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, chifukwa ndi pamene mazira amachuluka. Amasefa mamililita 10, n'kuika kasefako pa maikulosikopu. Dzira la likodzo limadziwika ndi kamunga kumapeto kwake. Wopezeka nalo amalandira praziquantel, koma mawa lake amabwerera m'madzi omwewo, poti kunyanja ndiko kubafa, kochapira ndi kosewerera.

Apa ndi pamene nkhani ya nsomba ndi nkhani ya matenda zimakumana. Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, omwe afufuza gombe lino kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti Bulinus nyassanus, nkhono yokhala mumchenga wa nyanja yeniyeniyo, imafalitsa likodzo, ndipo kuti inachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa m'madzi osaya. Yodziwika kwambiri ndi Trematocranus placodon, yomwe ili ndi mano kukhosi ophwanya chigoba cha nkhono ngati mphero. Khoka la maso ang'onoang'ono, kapena neti ya udzudzu yokokedwa m'mbali mwa gombe, imakokolola ana a nsomba zimenezi pamodzi ndi ndiwo za tsikulo.

Chakumadzulo mwera ukayamba kuwomba, alendo ena amapita kukaona manda a amishoni a Livingstonia cha ku Otter Point. Amishoniwa anafika pano mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atagonja ndi malungo, nthawi yomwe kunalibe wodziwa kuti matendawa amafala ndi udzudzu. Ronald Ross anadzatsimikiza zimenezi mu 1897. Lero pa mafunso a matenda a m'mbali mwa nyanja pakuyankhanso Amalawi: Janelisa Musaya ndi Sekeleghe Kayuni ali m'gulu lomwe linatsimikiza kuti nkhono za Biomphalaria, zofalitsa likodzo la m'matumbo, zomwe zinapezeka m'magombe a Mangochi mu 2017, zayamba kudwalitsa ana.

Mdima ukagwa, utsi wa nsomba zowamba umadzaza mudzi, asodzi akukonza maukonde, ofufuza akufananitsa manambala a m'kope ndi a pa mabotolo. Ambiri mwa mabotolowa adzakwera ndege, chifukwa makina akuluakulu owerengera DNA ali kunja. Zotsatira zake zibwerere kuno, zifotokozedwe m'Chichewa pabwalo la mfumu, kusukulu ndi ku komiti ya pagombe. Malamulo a paki amaletsa kupha nsomba mkati mwa mamita 100 kuchokera kumtunda wa malo otetezedwa. Msodzi adzalisunga lamuloli ndi mtima wonse akadzauzidwa momveka kuti nsomba yomwe waisiya m'madzi osaya ikuteteza mwana wake ku likodzo.