Kawaya kanatisebanya pa kitchen party ku Chawama

Inu amene mumawerenga tsamba lino mudziwa kuti nchito yanga ni kuyenda m'mashow, kumvera oimba na kukuuzani amene anacita bwino na amene anasebana. Sabata ino amene anasebana ndine, pamodzi na mlamu wanga, ndipo cinatigwetsa ni kacinthu kokwana m'thumba la buluku.

Mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambirimbiri pa tsiku, mlamu wanga, amene ni DJ, anaganiza zoika batire yaciwiri na inveta ya 1,000 watts kumbuyo kwa Hiace yake, kuti aziliza nyimbo kulikonse popanda congo ca genset. Ine ndinaikapo ndalama zanga za cilimba. Tinagula batire yabwino, inveta yabwino, ndalama n'kuthera pomwepo. Pofika pa zolumikizira, tinangodula majumper akale n'kulumitsa tumano twake pa batire. Mlamu ati, "Waya ni waya, mulamu, malaiti sasankha."

Tinapeza nchito pa kitchen party ku Chawama. Poyamba zonse zinali bwino. Itafika nthawi ya mphatso, azimayi ataimirira na zitenje m'ciuno, mlamu anakweza bass mpaka kumapeto. Ndinamva fungo la pulasitiki yopsa, kenako nyimbo zii. Kutsegula kumbuyo kwa Hiace, utsi wokhawokha. Pulasitiki ya kadzino kamodzi inali itasungunuka, ikudonthera pa kapeti pafupi na batire. Mlamu anakazula na kansalu, zala ziwiri n'kupsa. Ba matron anabwera manja m'ciuno: "Ba DJ, tinakulipilani kuti mutilizile nyimbo olo kuti muoche motoka?" Azimayi a ng'oma ndiwo anatsiriza phwando, ife tinabweza hafu ya ndalama.

Pa Mande tinapita kwa mudala wina wokonza mawaya a motoka. Sanatikalipire. Anatola katoni na bopeni n'kutilembera samu. Gawani 1,000 watts na 12 volts, mupeza ma amp 83. Onjezani amene inveta imadya payokha, mwafika pafupi na 100. Ketulo ya kunyumba ya 2,000 watts pa 230 volts sifika na ma amp 10 omwe. "Mwana wanga," anatero, "munapitisa malaiti ya maketulo ten pa kadzino kamodzi. Manje munali kuyembekeza cani?"

Anatifotokozera kuti moto umayambira pamene zitsulo ziwiri sizinagwirane bwino. Tumano twa jumper tumangokhudza batire na nsonga cabe, ndipo tunapangidwira masekondi ocepa olizira injini. Malo otere akakhala na resistance ya 0.01 ohm cabe, pa ma amp 100 amatulutsa kutentha kwa 100 watts, monga babu lakale lija, koma pa malo aang'ono ngati cikhadabo. Ndipo ma amp akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. N'cifukwa cake zonse zinali cete mpaka bass itakwera.

Manje mvetserani zimene anatiikira, cifukwa ndidziwa ambiri a inu muli na mainveta m'mabasi, m'mabarbershop na m'tuntemba.

Ku batire anaika malug a kopa, a bowo lolingana ndendende na bauti. Anawafinya pa waya na cipangizo cofinyira, osati kuponda na hamala monga timaonera m'mbali mwa msewu, kenako anaveka heat shrink kuti madzi na dzimbiri zisalowe. Waya anasankha wa 35 mm², waufupi mmene zingathekere. Asanaugule anaupala na mpeni. Ati kuli waya wina wochipa, wa aluminium wongopakidwa kopa pamwamba: ukaupala mkati muoneka moyera, ndipo ni wopepuka m'manja. Waya wotere sunyamula ma amp ofanana na kopa yeniyeni ya saizi imodzimodzi.

Popeza mlamu amacotsa inveta usiku kuopa akawalala, panafunika pulagi yozula na kubwezera. Apa anaika Anderson. Mapulagi amenewa ali na masaizi: SB50, SB120, SB175 na SB350, ndipo nambala ikuuzani ma amp. Ife tinali titaloza kale SB50 cifukwa ni yochipa, koma mudala anakana, ati sankhani yoposa ma amp amene mukoka, ndiye tinatenga SB175. Cina cimene ndinakonda: silola kuti mulumikize positive ku negative, ndipo ya mtundu wina, tinene yofiira, silowa mu ya grey. Cenjerani na zabodza. Yeniyeni imalimba polowetsa cifukwa sipuling'i yake ni yamphamvu. Ikangolowa lobodoka, isiyeni pa kaunta. Ndipo osaizula nyimbo zikulira, yambani mwazima inveta.

Ija soketi ya ndudu ya pa dashboard iwaleni. Fyuzi yake nthawi zambiri ni ya ma amp 10 kapena 15. Ni yochajira foni.

Cotsiriza, cimene ife tinalibiretu, ni fyuzi. Anaika ya ma amp 125 pa waya wa positive, pafupi kwambiri na batire. Nchito yake ni kuteteza waya: ukakhuzika n'kukhudza bodi ya motoka, fyuzi ndiyo imafa. Popanda iyo, batire imathira ma amp mazanamazana mu waya mpaka utayaka.

Anatipatsanso mayeso osafuna mita. Lizani nyimbo mokweza kwa mphindi 15, ndiye gwirani polumikizira paliponse. Kufunda pang'ono kulibe mlandu, koma ngati cala sicikhalapo, pali vuto. Mabauti muziwamanganso nthawi na nthawi, cifukwa mabampu na maenje a m'komboni amawamasula. Pogwira nchito pa batire, vulani mphete na wochi, ndipo yambani kucotsa negative.

Zonsezi pamodzi zinadya ndalama zocepa kuposa zimene tinabweza ku Chawama. Koma cimene cimandisowetsa tulo si ndalama. Pakati pa sabata, Hiace imodzimodziyo imanyamula ana a sukulu, ndipo mpando wotsiriza uli pamwamba penipeni pa batire ija. Tumano tuja tunakhala pamenepo masabata atatu, popanda fyuzi.

Ngati muli na inveta yolumidwa na majumper, pitani mukaione lero, musanawerenge za oimba patsamba lotsatira. Zala za mlamu zinapola, ndipo Hiace ikulira bwino. Ba matron okha ndiwo sanatiitanenso.