Akazi Oimba pa Wailesi ya Atsibweni

Owerenga ambiri a nyuzipepala ino akafunsidwa za oimba amene anachuka muno m'Zambia m'zaka za m'ma 1970, amachula maina a amuna okha-okha: Paul Ngozi, Rikki Ililonga, Keith Mlevhu, ndi anyamata a WITCH ndi a Amanaz. Ine sindiwatsutsa ai, pakuti amuna amenewo anaigwiradi nchito yao. Koma lero ndifuna kulemba za akazi oimba amene ndimawakonda, ndipo ndiyenera kuulula poyamba kuti makutu amene ndinawamvera nao sanali anga. Anali a alongo anga, amene ndinawalakwira ndiri mnyamata wa zaka 13.

Kwathu ndi kwa Mlolo, m'boma la Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique. Kwathu kuno mkazi woimba si cinthu cacilendo konse. Akazi amaimba pamtondo, amaimba pa cimtali ndi pa cinamwali, ndipo pamaliro ndiwo amacezera ndi nyimbo kufikira tambala atalira. Ngakhale gule wamkulu, amene ali wa amuna, sakoma pabwalo popanda akazi oomba m'manja ndi kuvomera nyimbo. Alongo anga, amene anandiposa ndi zaka zisanu, ndiwo anali kutsogolera nyimbo pa cimtali ca m'mudzi mwathu, ndipo mau ao anali kumveka kutsidya kwa dambo. Palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anaona colakwa pamenepo. Mlandu unali pa gitala, pakuti gitala inali kuyenda ndi mowa, ndi usiku, ndi tauni.

M'caka ca 1976 atsibweni athu anabwerako ku migodi ku Kitwe, kumene anagwira nchito zaka zambiri, ndipo pakati pa katundu wao panali wailesi. Inali kukhala pa kathebulo, yofundidwa kansalu koyera ngati mwana wakhanda, ndipo mabatire ace tinali kuwaanika padzuwa kuti apezenso mphamvu. Pa nthawi imeneyo Pulezidenti Kenneth Kaunda anali atalamula kuti nyimbo 95 mwa nyimbo 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za muno m'Zambia. Cifukwa ca lamulo limeneli, nkhani zikatha atsibweni nayamba kuodzera, ife ana tinali kumva magitala olira ngati njuci zolusa, amene masiku ano achedwa Zamrock.

Madzulo ena, pakati pa mau a amunawo panatuluka mau a mkazi. Anali Violet Kafula, amene anali kuimba ndi gulu la Crossbones. Nyimboyo inali ya m'Cibemba, ya mkazi wolankhula kwa mwamuna wace, ndipo ife Cibemba sitinali kucimva bwino. Koma alongo anga, amene anali kuswa nshawa pamphasa, manja ao anaima. Mkaziyo sanali kuvomera cabe kumbuyo kwa amuna. Iye ndiye anali patsogolo, ndipo ng'oma ndi magitala zinali kumtsata. Nyimbo itatha alongo anga anandifunsa motsitsa mau, nati, "Kodi ameneyu ali nao amace ndi atsibweni ace?" Ine ndinaseka, osadziwa kuti funsolo linali lolemera.

Pa 24 October 1978, pa cikondwerero ca ufulu wa dziko lathu, kagulu ka anyamata ocokera ku Chipata kanadza kudzaimba paboma pa Chadiza, ndi magitala awiri ndi ng'oma zacizungu. Cimtali ca kwathu citatha kuvina, mkulu wa kaguluko anapempha alongo anga kuti ayeseko nyimbo imodzi pamodzi nao. Anaimba nyimbo ya pamtondo imene amai athu anali kuikonda, anyamatawo naitsata ndi magitala. Anthu ogulitsa zitumbuwa anasiya madengu ao kudzaona. Sindinamvenso cinthu conga cimeneco m'moyo wanga wonse, ndipo musaganize kuti ndinena izi cifukwa ca cibale.

Anyamata aja anawauza kuti akafika ku Chipata malo alipo. Alongo anga anayamba kusunga ndalama za nshawa m'kacitini, nauza munthu mmodzi yekha za ulendowo, ndiye ine. Tsono caka comweco ine ndinali kulemba mayeso a Giredi 7. Atate athu anali atamwalira kale, ndipo ndinadziwa kuti yunifomu, nsapato, bulangeti ndi ndalama ya basi yopitira kusekondale zidzacokera m'munda wa nshawa umene amai ndi alongo anga anali kulima. Ndinagona masiku atatu ndi nkhaniyo, ndipo pa tsiku lacinai ndinakauza atsibweni. Kwa zaka zambiri ndinadzinamiza kuti ndinacita zimenezo poopa kuti angakaonongeke m'tauni. Zoona zace n'zakuti ndinaopa kutsala m'mudzi.

Atsibweni sanakalipe. Anaitana amai ndi alongo anga, nati, "Ine mabandi ndawaona ndi maso angawa ku migodi. Amaimba m'mabawa kufikira mbandakuca, ndipo ndalama amadya ndi eni bawa. Mbumba yanga sipita kumeneko ine ndiri moyo. Ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika." Kacitini kaja anakatenga, ndipo ndalamazo ndizo zinagula bulangeti langa. Caka cotsatira alongo anga anakwatiwa m'mudzi momwemo.

Ndiyenera kuwacitira cilungamo atsibweni, pakuti mantha ao sanali acabe. Mtengo wa kopa utagwa, anthu analeka kugula malekodi, oimba ambiri anasauka, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matenda a Edzi anawakolola ngati cimanga. Mwina alongo anga akadapita sakadabwerako. Koma mwinanso mukadawamva pa wailesi, inu owerenga, ndipo mwai wosankha pakati pa ziwirizi ndine ndinawalanda.

Nditatsiriza maphunziro ndi kuyamba nchito ya uphunzitsi, cinthu coyamba cimene ndinagula ndi malipiro anga cinali wailesi ya kaseti, ndipo ndinakaipereka kwa alongo anga. Kuyambira pamenepo, pa chuthi ciri conse ndinali kuwatengera kaseti ya mkazi woimba. Sindinanene cifukwa cace, ndipo iwo sanafunse. Tinali kukhala pakhonde, iwo akusankha nyemba kapena kusoka, nagamula mlandu wa woimba ali yense monga mfumu pabwalo.

Anna Mwale, mwini nyimbo ya "Kabuku Langa", amene anayamba kuimba ndi abale ace m'gulu la Mwale Sisters napita kukaimba ku Germany, ndiye anali wapamtima pao. Anali kunena kuti mkazi ameneyu amaimba ngati munthu wodziwa kuti nsima ya kwao njokoma, wosacita manyazi ndi cilankhulo ca amace ngakhale ng'oma zace ziri zacizungu. Kasetiyo inaduka kawiri, ndipo kawiri konse anailumikiza ndi utomoni. Za Christine Jackson, amene analowa m'gulu la WITCH pamene linasiya roko ndi kuyamba disiko, naimba pa malekodi a "Movin' On" a 1980 ndi "Kuomboka" a 1984, alongo anga anati Cizungu cace sacimva, koma amamva kuti mkaziyo sapempha cilolezo kwa munthu. (Pa nthawi imeneyo Jagari Chanda, amene anali kutsogolera gululo kale, anali atacokamo nakhala mphunzitsi monga ine, cinthu cimene cinawaseketsa kwambiri alongo anga.)

Ine wanga anali Dorothy Masuka, ndipo pa iyeyu tinali kutsutsana. Anabadwira ku Bulawayo m'caka ca 1935, atate ace ali a kuno ku Zambia, ndipo nyimbo zace zonena za ndale, monga ija ya imfa ya Patrice Lumumba, zinamcititsa kukhala kunja kwa South Africa zaka zambiri. Zambiri mwa zaka zimenezo anakhala pakati pathu muno, nagwirako nchito ya m'ndeke. Ine ndinali kumtama cifukwa ca kulimba mtima kwace pamaso pa maboma a atsamunda. Alongo anga anati boma liri kutali, ndipo kulimbana nalo n'kwapafupi kusiyana ndi kulimbana ndi a m'nyumba mwako. Ndinakhala cete, ndi kuyang'ana nkhuku pabwalo.

Zaka zinapita, makaseti nacuruka m'kabokosi. Alice Chali anawakondweretsa cifukwa mwamuna wace Chris Chali atamwalira m'caka ca 2003, iye sanalole gulu la Amayenge kufa, koma anaima patsogolo pace. Alongo anga, amene pa nthawiyo anali amasiye iwonso, anati ameneyo ndiye wadziwa kulira maliro. Angela Nyirenda, wa "Malo Abwino", anamuyesa mwana wa kwathu kweni-kweni, pakuti m'mau mwace anali kumvamo mtondo ndi munsi. Sista D anamlemekeza cifukwa ca "Vitendeni", nyimbo yodzudzula amuna oononga ana ang'ono, nkhani imene m'midzi yathu inali kukambidwa monong'ona. Ndipo pamene Lily T anamwalira ku Osaka m'dziko la Japan m'caka ca 2009, ali ndi zaka 27 zokha, alongo anga sanatsegule wailesi mlungu wonse. Nditawafunsa ngati imfa imeneyo sionetsa kuti atsibweni ananena zoona, anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, ndi angati a msinkhu wace amene taika m'manda muno m'mudzi, osaona ngakhale Lusaka?"

M'caka ca 2022 mdzukulu wao wamkazi, amene aphunzira ku Lusaka, anabwera ndi foni yokhala ndi nyimbo za Sampa the Great. Mtsikana ameneyu, dzina lace leni-leni Sampa Tembo, anabadwira muno m'caka ca 1993, nakulira ku Botswana, nachuka ku Australia, kumene analandira mphotho ya Australian Music Prize kawiri. Caka cimeneco anali atatulutsa nyimbo zojambulira kuno kwao, ndipo mu imodzi mwa izo anaimba pamodzi ndi a WITCH, Jagari Chanda ali nkhalamba ya imvi. Ine kaimbidwe kolankhula mofulumira kameneka sikandilowa bwino m'khutu, ndipo ndinanena comweco. Alongo anga anatenga foniyo, naiyandikiza kumaso, naona mtsikanayo ali patsogolo ndi amuna a magitala kumbuyo kwace. Anaonerera kufikira kumapeto osaphethira, ndipo anafunsa mdzukuluyo ngati makolo a mtsikanayo ali kudziwa zimene acita. Mdzukuluyo anati akudziwa, ndiponso mng'ono wace, Mwanjé, amaimba naye pamodzi. Alongo anga anagwedeza mutu pang'ono-pang'ono.

Mdzukuluyo atapita kukatunga madzi, tinatsala awiri pakhonde. Pamenepo ndipo ndinanena zimene ndinazisunga zaka 44. Ndinati, "Alongo, za ulendo uja wa ku Chipata, amene anauza atsibweni ndine." Mau anga anali kunjenjemera ngati a mwana wa sukulu wogwidwa ndi mango m'thumba.

Iwo sanatembenuke n'komwe. Anati, "Nanga ndinauza anthu angati? Ndinadziwa tsiku lomwelo. Bulangeti lija ndinasankha ndine kusitolo, ndipo ndinasankha lokhuthala cifukwa iwe unali wa cifuwa." Kenaka anandipatsa foni ija, nati, "Aphunzitsi, inu mudziwa zimenezi. Tabwezani nyimbo ija poyamba, pali pamene mwanayu akweza mau, ndifuna ndimvenso m'mene apumira."